A Chipeso ndi Mwendo wa Njerwa

Pali chinthu chimodzi chimene sindinamvetse pa moyo wa a Chipeso, ndipo ndakalamba ndisanachimvetsebe. Iwo ankadziwa bwino lomwe kuti tsiku limene kavalo amene ankamusamalira adzachire ndilo tsiku limene adzachotsedwe m'manja mwawo, koma anamuchiritsa ndi mtima wonse. Sindikufuna kuwakometsera. Anali munthu wovuta, wa mawu ochepa ndi ouma, ndipo chilungamo chawo chinali ndi kachinyengo mkati mwake, monga muonere. Ine ndinkangopita kukhola kwawoko ndi wilibala kukatenga manyowa a kudimba kwanga. Zina mwa izi ndinaona ndekha, zina ndinamva kwa mwana wawo ndi kwa mlonda wa pageti.

Dzina lakuti Chipeso linabwera chifukwa cha chipeso chachitsulo chopesera akavalo chimene chinkasuzumira m'thumba lakumbuyo la ovolosi yawo, pomwe mutu wawo unali dazi lokhalokha, losalala ngati bondo. Mlonda ankakonda kunena kuti Mulungu amagawa zinthu atatsinzina, chipeso anapatsa munthu wopanda tsitsi. A Chipeso sankaseka, komanso sankakwiya. Ankangoti, "Tsegulani geti, achimwene, ntchito yanu ndi imeneyo."

Khola la akavalo linali kumapeto kwa tauni, kumene phula amathera, kuseri kwa malo ochekera matabwa. Inali nyumba yaitali ya malata, yokhala ndi zipinda zondandalika, chilichonse ndi chitseko chake chogawika pakati kuti kavalo azitulutsa mutu. Mwini malowo, amene onse ankangomutcha Bwana, ankaphunzitsa ana a anthu olemera kukwera akavalo. A Chipeso analowa ntchito pamenepo adakali ndi tsitsi. Ankagona m'chipinda chakumapeto, chimene kale ankasungiramo zishalo, ndipo fungo la chikopa ndi mafuta silinachokemo. Munali bedi lachitsulo, msomali wokolekapo jekete, ndi kazenera koyang'ana m'chipinda cha kavalo woyandikana nawo. M'chipinda chawocho ndimo anamwalirira akazi awo, ndimonso anakulira mwana wawo wamkazi, yemwe tsopano ankasoka zovala m'tauni.

Bwana atamwalira, zinthu zinayamba kusasuka. Adona, akazi a malemuwo, akavalo sankawakonda chiyambire, ankati amanunkha ndipo amadya kuposa anthu. Ana awo, omwe ankakhala kutali, ankaumirira kuti malowo agulitsidwe. Tsiku lina Adona anaitana a Chipeso pakhonde.

"Musadandaule, a Chipeso," anatero. "Malinga akavalo akadalipo, inunso mulipo. Womaliza akadzapita, tidzakambirana."

A Chipeso anali atakhala pakati pa mabwana nthawi yokwanira kudziwa tanthauzo la mawu akuti tidzakambirana. Anavula chipewa, nathokoza, nabwerera kukhola.

Akavalo anapita mmodzimmodzi. Galimoto inkabwera, chitseko chimodzi chinkatsala chotsegula, ndipo akangaude ankalowamo. Pomaliza panatsala kavalo wamkazi wofiirira, dzina lake Njerwa, amene ankagona m'chipinda cha pakazenera paja. Anali wokongola kuposa onse amene anapita, wa khosi lalitali ndi mayendedwe opepuka. Chimene chinamusunga chinali mwendo wake wakumbuyo wakumanzere.

Njerwa anabadwira m'manja mwa a Chipeso, ndipo anabadwa ndi kanthu pamwamba pa chiboda, kofiira modera ngati bulosi wakupsa, kofewa, kopanda ubweya. A Chipeso anakayesa njerewere. Anachita zimene osamalira akavalo akale ankachita ndi njerewere: anazula usinga kumchira kwa mayi wake, namanga kanthuko kutsinde kuti kaume n'kuthothoka. Sikanaume. M'mawa mwake anapeza utuchi wa pansi utanyowa magazi, kamwanako katatsamira khoma. Anadula usingawo, ndipo sanayesenso. Kuyambira pamenepo ankangotsuka ndi madzi amchere n'kukulunga bandeji. Kavalo ankakula, nacho chotupa chinkakula, kufikira chinafanana ndi dzira la nkhuku.

Wogula kavalo amayamba ndi mano n'kutsiriza ndi miyendo. A Chipeso ankadziwa zimenezo, ndipo anali ndi kachitidwe kawo. Wogula akabwera, ankatulutsa Njerwa atamupesa mpaka kunyezimira, miyendo yonse inayi itakulungidwa mabandeji oyera monga amachitira pa chionetsero. Ankamuthamangitsa pabwalo, kumutembenuza, kumuimitsa. Ankadikira mpaka munthuyo atayamba kumwetulira ndi kunong'onezana ndi Adona. Pamenepo ankagwada.

"Pepani bwana, ine sindifuna kuti mawa muzidzanditukwana. Onaninso apa."

Ankamasula bandejiyo, ndipo chotupa chinkaonekera, chakuda, chonyowa, kadontho ka magazi kakutsikira kuchiboda.

"Aa! Chimenechi n'chiyani?"

"Kaya, bwana. Ine si dokotala. Koma chikukula."

Panalibe bodza pamenepo. Wogula ankapukuta manja ake m'thalauzi ngakhale sanakhudze kanthu, n'kukumbukira kuti akumudikira kwina. Adona ankausa moyo, koma ankati, "Anthu oona mtima ngati a Chipeso anatha padziko pano." Sankafuna kuitana dokotala. Ankakhulupirira kuti ndi khansa, ndipo matenda a amuna awo anali atawatopetsa kale ndi mawu amenewo.

Amene anaona bwino anali mwana wa a Chipeso. Tsiku lina anabwera kudzawapatsa malaya amene anawasokera, napeza wogula wina akuchoka. Anadikira mpaka ali awiri m'chipinda.

"Ababa, bandeji ija mumaimasula mwaukali bwanji? Mumachita kung'amba nkhanambo."

"Wayamba kundiphunzitsa ntchito?"

"Ayi. Kungoti ine ndikamasula ulusi pansalu ya kasitomala sindikoka chonchija, pokhapokha ndikufuna nsaluyo ing'ambike."

"Usoke zako, mwana iwe."

"Ndikusoka, ababa. Koma amene akumva kuwawa si wogula uja."

A Chipeso anatenga ndowa natuluka. Kuyambira tsiku limenelo ankayamba anyowetsa bandeji asanaimasule. Koma kuonetsa sanasiye.

Kenako kunabwera nyengo yotentha, ndi ntchentche zake. Njerwa ankaponda pansi usana wonse pothamangitsa ntchentchezo, ndipo chiboda china chinkagunda pachotupa. Tsiku lina m'mawa a Chipeso atasuzumira pakazenera anaona kavalo ataweramitsa mutu, madeya a dzulo ali chikhalire m'chodyeramo. Analowa. Utuchi unali utagwirana ndi magazi. Anatukula mlomo wa Njerwa napeza nkhama zitayera ngati mkati mwa chikho. Atamasula bandeji, m'mphepete mwa chotupa munkayenda timphutsi.

Anakhala chigwadire nthawi yaitali. Njerwa anatembenuza khosi nawanunkhiza padazi, monga ankachitira kuyambira ali mwana. Iwo anamukankha mphuno. Anatsuka balalo, nachotsa timphutsito kamodzikamodzi ndi kamtengo, namanga mwamphamvu. Atatero analowa m'chipinda mwawo natsitsa jekete pamsomali.

"Ee, jekete lero?" anatero mlonda pageti. "Kwagwa maliro kapena mwapeza mbeta?"

"Tsegulani."

"Mukapeza awiri mundisungireko mmodzi."

Anapita wapansi mpaka kuofesi ya dokotala wa ziweto, osauza Adona. Atabwerako ndi pamene anakaima pakhonde n'kunena kuti dokotala akubwera, ndipo ngati Adona sakufuna, akamubweze okha pageti. Aka kanali koyamba kuwalankhula chotero. Adona anawayang'ana, nangoti, "Chabwino."

Dokotalayo anali mayi wamfupi, wovala magambutsi, wolankhula kwambiri ngati wailesi. Anagwada pafupi ndi mwendo wa Njerwa osaopa kukankhidwa. Anadina chotupacho ndi chala, chinaphwa pang'ono, ndipo atachotsa chala chinadzazanso. Analowetsa jakisoni nakoka, munatuluka magazi okhaokha, opanda mafinya. Anapapasa m'mphechepeche kufufuza mwanabere, namvetsera pachifuwa ndi pamimba.

"Agogo, chinayamba liti?"

"Anabadwa nacho."

"Ndiye mwakhala mukudikira chiyani zaka zonsezi? Kuti chimere miyendo chizipita chokha?"

Dokotala anabaya mankhwala ochititsa dzanzi, nadula kachidutswa kakang'ono m'mphepete, nakaponya m'kabotolo ka mankhwala. Magazi anavuta kuleka, mpaka anachita kusoka.

"Tamverani," anatero akupukuta manja. "Chimenechi ndi mitsempha ya magazi imene inamera mopiringizana malo amodzi, ngati ulusi umene mphaka waseweretsa. Zilipo za mitundu iwiri, ndipo pamaso zimafanana. China chimakhala pomwe chilipo, chimangovutitsa ndi kutuluka magazi. China ndi khansa, chimayenda thupi lonse. Poti anabadwa nacho, mtima wanga ukuti ndi chofatsacho, koma mtima si makina. Akatiuza ndi a kulabotale akakayang'ana kachidutswa aka."

"Chikakhala choyendacho?"

"Ndiye tidzamupumitsa asanazunzike."

"Nanga chikakhala chofatsacho?"

"Tidula, achira, Adona apeza wogula. Aliyense asangalala."

A Chipeso anayang'ana pansi, nayamba kutola thonje lamagazi limene linamwazika mu utuchi.

Masiku odikira yankho anali oipa kuposa onse. A Chipeso anali munthu wopemphera mwakachetechete m'mawa asanagwire tsache, koma masiku amenewo ankagwada n'kusowa chopempha. Akati Mulungu achiritse Njerwa, ndiye kuti akupempha galimoto idzamutenge. Akati asachoke pakhomo pano, njira yake inali dzenje kuseri kwa khola. Ankadzuka osanena ameni. Ntchito inali itachepa, kavalo mmodzi sadya tsiku lonse la munthu, ndiye ankasesa zipinda zopanda kanthu, kupaka mafuta zishalo zimene palibe ankakwera, kuwongola misomali yakale. Macheka a kumatabwa ankalira kuseri kwa mpanda kuyambira m'mawa mpaka madzulo, ndipo fumbi lake linkagwera m'madzi a Njerwa.

Mwana wawo anabweranso, ulendo uno ndi nkhani.

"Ababa, kuseri kwa shopu yathu kuli chipinda. Ndalankhula ndi eni ake. Chili ndi magetsi, mpopi uli pakhomo. Adzukulu anu azikuonani tsiku ndi tsiku."

"Ndiye m'mawa ndikadzuka ndizipesa ndani? Mashini ako?"

"Muzipuma. Mwagwira ntchito mokwanira."

"Wopuma ndi amayi ako."

Mwanayo anati, "Simunakwatire kavalo, ababa."

"Sindinati ndinakwatira."

"Anthu amakusekani. Amati bambo ake a telala uja amalankhula ndi nyama kuposa anthu."

"Nyama siinandiyankhepo mwano."

Anasiyana choncho, wina osatsanzika mnzake bwinobwino.

Yankho linabwera ndi dokotala mwini. Asanazimitse n'komwe galimoto anatulutsa mutu pawindo nakuwa, "Agogo! Si khansa! Ndi chofatsa chija!" Adona anatuluka pakhonde akuwomba m'manja. Mlonda anavula chipewa nachiponya m'mwamba, ngakhale kavaloyo anamulumapo kawiri. A Chipeso anaima ndi foloko ya udzu m'manja.

"Achimwene, mwamva kodi?" anatero mlonda. "Nkhope imeneyo ndi ya munthu amene wauzidwa kuti nyumba yapsa."

"Ndamva. Zikomo, adokotala."

Opaleshoni inachitikira pakapinga kutsogolo kwa khola, m'mawa dzuwa lisanakwere. Dokotala anabaya Njerwa pakhosi. Kavaloyo anaima pang'ono ngati akuganiza, miyendo inapindika, ndipo anagwa cham'mbali pamatiresi akale amene anayala. A Chipeso anakhala pansi naika mutu wake pamiyendo pawo, naphimba diso ndi kansalu kuti dzuwa lisalowemo. Mutu wa kavalo ndi wolemera, ndipo miyendo yawo inachita dzanzi, koma sanasunthe.

Dokotala anamanga mphira pamwamba pa bondo kuti magazi achepe, nameta ubweya, natsuka. Anadula mozungulira, motalikirako ndi chotupa, chifukwa anati ukasiya kamtsempha kamodzi kodwala chimameranso. Mitsempha inali yambiri ngati mizu ya kapinga, ndipo ankaimanga umodziumodzi asanaidule. Apa wailesi ija inazima, kunkangomveka kulira kwa tizitsulo ndi kupuma kwa kavalo. Kenako dokotala anaima.

"Pali chipsera chozungulira kutsinde kuno. Ndani anamangapo?"

"Ine. Ndi usinga. Ndinkayesa njerewere."

"Mukanamupha, agogo."

"Ndikudziwa."

Chotupa chinagwera m'mbale yachitsulo. Kunja kwa mwendo chinkaoneka chaching'ono, chofota, chosayenera mantha onse amene chinabweretsa. Dokotala anasoka pamene khungu linalola, koma pansi pa mwendo wa kavalo khungu ndi lochepa, ndipo pakati panatsala malo osatsekeka. Anaika mankhwala, thonje lochindikala, nakulunga bandeji mothina. Njerwa anadzuka akudzandira ngati woledzera, ndipo a Chipeso anamulowetsa m'chipinda atatsamiritsa phewa lawo paphewa lake.

Dokotala ankasamba m'manja pampopi pamene ananena mawu amene anavutitsa a Chipeso kuposa ena onse. Anawanena mosaganizira kanthu, akufunafuna sopo.

"Yanga yatha, yatsala ndi yanu. Mabala a pansi pa mwendo ali ndi khalidwe loipa. Bandeji ikakhala yolobodoka, kapena kavalo akamayendayenda, mnofu umaphukira pamwamba pa khungu ngati bowa, ndipo bala silitsekeka. Zikatero mwendo umanyansa kuposa kale. Moyo sataya, koma palibe wogula angamuyang'ane kawiri. Ndiye muzimanga mothina, pasakhale polowa chala, ndipo asatuluke. Komabe zikachitika musadzadziimbe mlandu. Zimachitika ngakhale kwa anthu osamala."

Anapukuta manja m'malaya nakwera galimoto.

A Chipeso anatsala ndi mawu amenewo ngati munthu amene wapatsidwa mpeni kumsika popanda wowona. Sipankafunika kuchita choipa chilichonse. Pankangofunika kuchepetsa mphamvu ya dzanja pokulunga. Njerwa sakanafa. Akanakhala ndi mwendo wonyansa, m'chipinda chake chomwecho, pansi pa kazenera komweko, ndipo dokotala anali atakhululuka kale.

Masiku oyamba anamanga monga anauzidwira. Bala linali loyera, lofiira bwino. Kenako m'mawa wina, atamasula, anaona pakati pa bala timnofu tonyezimira titayamba kukwera, tofanana msinkhu ndi khungu. Anadziwa kuti nthawi yake ndi imeneyi. Anatsuka, naika thonje, nakulunga. Atamaliza analowetsa zala ziwiri pansi pa bandeji, ndipo zinalowa osavuta. Anaimirira, natsegulanso chitseko chapakati cholowera m'chipinda china chopanda kanthu, kuti Njerwa akhale ndi malo oyendamo. Anatenga ndowa napita kumpopi.

Mlonda ndi amene anawaona. Akuti anaima pampopipo ndowa itadzaza, madzi akusefukira pansapato zawo n'kuyenderera mpaka kugeti.

"Achimwene! Mukuthirira msewu kuti umere chiyani?"

Sanamumve. Mlonda anachita kubwera kudzatseka mpopi yekha. Pamenepo a Chipeso anasiya ndowa pomwepo nabwerera kukhola mofulumira, ndipo mlonda anawatsatira poganiza kuti adwala. Anawapeza atatseka chitseko chapakati chija, atagwada, akumasula bandeji yonse ndi kuyambiranso. Ankakoka mwamphamvu mpaka mitsempha ya m'manja mwawo kuonekera, uku akukalipira kavalo.

"Imika mwendo, chitsiru iwe. Imika! Ukuganiza kuti kumene ukupitako akakugwadira chonchi?"

Chimene chinawabweza pampopi paja sindichidziwa. Mlonda anawafunsa, iwo anangomuuza kuti akatenge ndowa.

Kuyambira tsiku limenelo anasamala balalo mopitirira muyeso. Ankachapa mabandeji ndi madzi owira n'kuwasita. Anapachika masaka onyowa pachitseko kuti ntchentche ndi fumbi la matabwa zisalowe. Njerwa akatopa ndi kutsekeredwa n'kuyamba kukumba pansi, iwo ankakhala naye m'chipindamo pa ndowa yovundikira, akumukanda pakhosi kufikira atadekha. Bala linayamba kuchepa kuchokera m'mphepete, khungu latsopano likulowa mkati pang'onopang'ono. Dokotala atabwera kudzachotsa ulusi anaimba mluzu.

"Agogo, mukanakhala namwino kuchipatala cha anthu, bwenzi manda ali ochepa."

"Ndi mwendo wake wabwino," anatero a Chipeso, osamuyang'ana.

Mvula itayamba, ubweya unali utamera. Panatsala kamzere kotuwa, kakuti munthu achite kukafunafuna. Njerwa anatuluka koyamba pabwalo nathamanga mozungulira, akuponya miyendo m'mwamba, matope akuuluka. A Chipeso anaima pampanda akumuyang'ana. Amene sankawadziwa akanati palibe chikuwakhudza.

Wogula sanachedwe. Dokotala yemweyo ndi amene anamuuza, poyesa kuthandiza. Anali bambo wonenepa, waulemu, wokhala ndi famu kutali, ndipo ankafunira kavaloyo mwana wake wamkazi. Anayang'ana mano, nathamangitsa, namwetulira, nayamba kunong'onezana ndi Adona. A Chipeso anapezeka atagwada, mwina mwa chizolowezi chabe.

"Pepani bwana, onaninso apa. Anachitidwa opaleshoni."

Bamboyo anawerama, napapasa kamzereko ndi chala, naseka.

"Adokotala andiuza zonse, madala. Akuti sichibweranso, ndipo akuti ntchito yaikulu munagwira ndinu. Mwachita bwino kwambiri."

A Chipeso anaimirira pang'onopang'ono, akugwira bondo.

"Kodi kumeneko womusamalira alipo? Chifukwa ameneyu ali ndi timakhalidwe take. Sakonda kumuyandikira chakumanzere. Madzi samwa ngati ndowa ikununkha sopo."

"Musadandaule. Ndili ndi anthu okwanira, ophunzira ntchito imeneyi kusukulu."

"Chabwino, bwana."

Kupempha ntchito mwachindunji sankadziwa, ndipo bamboyo sanamve kuti apemphedwa.

Galimoto inabwera ndi ngolo yotsekedwa kumbuyo. Njerwa anali asanakwerepo chinthu chotere. Atafika pathabwa lokwererapo anaima, makutu chilili, nakana. Antchito a wogula anakoka chingwe, wina anakankha kumbuyo, wina anathyola kanthambi nayamba kumukwapula m'miyendo. Njerwa anaimirira ndi miyendo iwiri, maso atayera, thovu lili kukamwa.

"Siyani!" anatero a Chipeso. Mawu awo anamveka mpaka kumatabwa. "Mumuthyola mwendo. Patseni kuno."

Analandira chingwe nachilekerera kuti chilendewere. Anaima pafupi ndi kavaloyo osachita kanthu kufikira kupuma kwake kutatsika. Kenako anatembenuka, nakwera thabwalo okha osayang'ana m'mbuyo, nalowa mumdima wa ngoloyo ngati akulowa m'khola m'mawa uliwonse. Njerwa ananunkhiza thabwa, naponda kamodzi, nawatsatira. Anamumanga, namusisita pakhosi, natulukira pakakhomo kam'mbali. Antchito anatseka kumbuyo.

Galimoto itayamba kuyenda, Njerwa analira mkatimo, nayamba kumenya zitsulo ndi ziboda. Phokosolo linamveka mpaka galimoto itakhota. A Chipeso anali atalowa kale m'khola ndi tsache.

Madzulo ake Adona anawaitana pakhonde, ndipo anakambirana. Adona analira pang'ono, nanena kuti malowo agulidwa ndi eni matabwa, amene akufuna kugwetsa khola kuti aikepo macheka ena. Anati a Chipeso asafulumire, atha kukhala mpaka kutha kwa mwezi. Mwana wawo anatumiza uthenga kuti chipinda chakonzeka, wapaka laimu, waika ndi katani, ndipo adzabwera ndi galimoto yahayala kudzanyamula bedi.

A Chipeso anatha masiku otsatirawo akuyeretsa nyumba imene inkayembekezera kugwetsedwa. Anatulutsa utuchi wonse, natsuka pansi ndi burashi, nachapa zodyeramo, napachika zingwe mwadongosolo. Mlonda anayesa nthabwala zake zonse, koma zinkagwera pansi ngati miyala m'chitsime chouma, mpaka naye anasiya. Chakudya chimene Adona ankatumiza chinkabwerera chitangobooledwa pakona.

M'mawa wa tsiku limene mwana wawo anati adzabwere, a Chipeso anafika pageti atavala jekete, ali ndi kachikwama kamodzi. Kunja kunkawaza mvula yamawawa.

"Nanga bedi?" anafunsa mlonda. "Mwana wanu akubweratu."

"Mumupatse. Ndi la amayi ake."

"Inuyo ulendo wa kuti?"

"Tsegulani, achimwene."

Mlonda anatsegula. Akuti anafuna kuwagwira dzanja, koma anachita manyazi, chifukwa pa zaka zonse zija anali asanagwiranepo. Anawayang'ana akuyenda m'mbali mwa mpanda wa matabwa, akulambalala zithaphwi, mpaka pamphambano. Pamenepo lole yodzaza mitengo inatuluka n'kutseka msewu, ndipo itadutsa munthu panalibe. Mlonda sanaone ngati analowera kutauni kapena kunja kwake.

Mwana wawo anafika dzuwa litakwera, napeza chipinda chosesa ndi bedi loyala. Anayamba kufunsa tsiku lomwelo. Ambiri ankati n'zodziwikiratu, mkuluyo watsatira kavalo wake. Mwanayo anakwera basi mpaka kufamu kuja. Bambo wonenepa uja anamulandira bwino, namuonetsa Njerwa akudya msipu, wonenepa, mwendo uli bwinobwino, koma anati madala aja sanawaonepo chichokereni tsiku lija. Anafunsa kuzipatala, kupolisi, kwa abale akutali amene a Chipeso anasiya kuwayendera kalekale. Anafunsanso kwa anthu ena osunga akavalo, ndipo onse anapukusa mitu. Khola linagwetsedwa mwezi wotsatira. Kumene a Chipeso analowera, palibe akudziwa.